Mafunso Anu: Ndani ndi ndani m'mafilimu a malupanga a ku China?

Makalata a mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo onse akufunsa za mafilimu aja a anthu ouluka ndi malupanga, amene eni ake amawatcha wuxia. Tasankhapo anayi.

Funso: Ndimaonetsa mafilimu pamsika. Nkhondo ikabuka, anthu amandipanikiza kuti awa ndi ayani, awo ndi ayani. Magulu amenewa ndingawazindikire bwanji? (aNgozo, Lizulu)

Yankho: ANgozo, imitsani filimuyo pamene magulu asonkhana, muyang'ane mutu, kenako chovala, kenako chida. Wometa mpala, wa mkanjo wachikasu kapena wotuwa, ndodo ili m'manja, ndi mmonke wa ku kachisi wa Shaolin. Timadontho ta pamutu paketo ndi zipsera za lubani amene anamuwotcha naye polumbira. Wa tsitsi lomangidwa mfundo paliwombo, lupanga lake lowongoka lakuthwa konsekonse, kawirikawiri ndi wa chipembedzo cha Tao, wa gulu la Wudang kapena la Quanzhen. Chigulu cha akazi a malupanga, patsogolo pali mayi wachikulire wosaseka, ndi a Emei.

Okoma kuwatsatira ndi a Gaibang, gulu la opemphapempha. Onse amaoneka ofanana ndi zigamba zawozo, koma werengani timatumba timene munthu wanyamula. Wongolowa kumene alibe n'kamodzi komwe, pamene mkulu weniweni ali nato 9. Mtsogoleri amadziwika ndi ndodo yobiriwira yooneka ngati nsungwi, ndipo tsiku lomulonga anthu ake amamulavulira malovu mmodzimmodzi. Owonera anu adzati akumunyoza. Auzeni kuti mwambo wake ndi womwewo.

Mvetseraninso maina. Amonke a m'badwo umodzi amagawana chiyambi cha dzina: Kongwen, Kongzhi ndi Kongxing ndi pachibale pa maphunziro, koma Yuanzhen ndi mwana kwa iwo. Gulu kwa anthuwa lili ngati mfunda kwathu kuno, ukapanda wophunzira mmodzi waputa onse. Mphunzitsi amawerengedwa bambo. Womasulira akamangoti "bwana" kwa aliyense wa imvi, ubale umenewu umatayika, ndipo owonera sadziwanso chimene munthu akulirira kapena kubwezera.

Funso: Mwana wanga akuti Shaolin ndi nthano chabe. Ndi zoona? (aNambewe, Bembeke)

Yankho: Ayi, aNambewe, kachisi wa Shaolin alipo ndithu, paphiri la Song m'chigawo cha Henan, ndipo anamangidwa cha m'ma 495. Amonke ake 13 anathandiza Li Shimin pankhondo mu 621, munthu amene pambuyo pake anadzakhala mfumu ya dziko lonse. Mapiri a Wudang ali ku Hubei, phiri la Emei lili ku Sichuan. Wang Chongyang, woyambitsa Quanzhen, anali munthu weniweni amene anamwalira mu 1170, ndipo wophunzira wake Qiu Chuji anakumanadi ndi Genghis Khan, mfumu ya a Mongol, mu 1222. Kuuluka pamadenga ndi kuphwanya thanthwe ndi chikhatho, izo ndiye za wolemba. Mwanayo asayese kudumpha kuchokera pamwala.

Funso: Amati gulu lina ndi la olungama, lina ndi la ziwanda. Nanga bwanji olungamawo ndi amene amaoneka ankhanza? Kodi filimu yanga anaimasulira molakwika? (aJere, Ntcheu boma)

Yankho: Sanalakwitse, aJere, mwaona bwino. Mafilimu ambiri amenewa achokera m'mabuku a Jin Yong, mtolankhani wa ku Hong Kong amene analemba nkhani 15 kuyambira 1955 mpaka 1972, n'kumwalira mu 2018. Iyeyo ankachita dala kupereka mbiri yabwino kwa anthu a mtima woipa.

Taonani nkhani ya Zhang Wuji. Bambo ake, Zhang Cuishan, anali a Wudang. Mayi ake, Yin Susu, anachokera kubanja la Mingjiao, gulu limene onse ankalitcha la ziwanda. Tsiku limene Zhang Sanfeng, woyambitsa gulu la Wudang, ankakondwerera zaka 100, magulu olemekezeka anakwera phiri la Wudang ngati obwera kuphwando, koma zida zili m'kati mwa mikanjo. Ankafuna kudziwa kumene kwabisala Xie Xun, bwenzi la makolo a Zhang Wuji, amene anali ndi chikwanje chodziwika kuti mwini wake adzalamulira onse. Pakamwa ankati akufuna chilungamo, pamene maso anali pachikwanjecho. Makolo a mwanayo anadzipha tsiku lomwelo anthu akuona.

Patapita zaka, magulu 6 (Shaolin, Wudang, Emei, Kunlun, Kongtong ndi Huashan) anapita kukafafaniza Mingjiao. Amene anasonkhezera moto wonsewu anali Cheng Kun, atabisala ku Shaolin ndi dzina lija la Yuanzhen. Pamene olungamawo ankalimbana ndi anzawo, a Mingjiao ndiwo ankamenyana ndi ulamuliro wa a Mongol. Kwa ife, apa m'pamene pagona kukoma kwa nkhanizi, ndipo amene amangodumphira pa ndewu amataya zambiri.

Choncho munthu muzimuyeza ndi mafunso awiri: akapambana amamuchita chiyani wogonja, ndipo buku la chinsinsi cha nkhondo likapezeka amatani? Yue Buqun wa Huashan, wofatsa ndi wa mawu aulemu, anadzifula yekha kuti aphunzire luso la m'buku lotere. Ouyang Feng anaphunzira kuchokera m'buku limene mizere yake inasokonezedwa dala, mphamvu inabweradi koma mutu unazungulira, mpaka kumayenda ndi manja miyendo ili m'mwamba. Hong Qigong, mkulu wa opemphapempha wa zala 9, wosusuka pa nkhuku yootcha, ndiye amene mungamusiyire mwana wanu.

Funso: Ndili ndi mafilimu angapo mumemore khadi, maina akubwerezabwereza. Ndiyambe iti? (aPhiri, Linthipe)

Yankho: Yambani ndi imene muli Guo Jing ndi Huang Rong ali achinyamata, imene ndi The Legend of the Condor Heroes. Itsatire ya Yang Guo, mmene awiri aja akula ndipo akuteteza mzinda wa Xiangyang, umene unagwadi m'manja mwa a Mongol mu 1273. Ya Zhang Wuji ibwere pomaliza, chifukwa gulu la Emei la m'nkhaniyo anayambitsa ndi Guo Xiang, mwana wa Guo Jing. Chenjerani kuti nkhani imodzi anaijambula kangapo, monga mu 1983, 2003 ndi 2017, ndiye musasakanize zigawo za zaka zosiyana, nkhope zidzakusinthirani pakati. Mukaona amuna ometa kutsogolo, tsitsi loluka likulendewera kumsana, imeneyo ndi ya nthawi ya ufumu wa Qing, kuyambira 1644. Iikeni padera.