Mlangizi akukana kundiuza zomwe mwana wanga amanena

Mayi wina wa ku Luchenza watilembera kuti mwana wawo wa Fomu 3 amakaonana ndi mlangizi wa za maganizo, koma mlangiziyo sawauza zomwe amakambirana. Akufunsa ngati si mwano umenewu, makamaka poti mwanayo akufuna kudzagwira ntchito yomweyi.

Mayi, si mwano ayi. Mwana akangodziwa kuti mawu ake akafika kunyumba, amatseka pakamwa, vuto lenileni n'kutsalira mumtima. Koma chinsinsicho chili ndi malire, ndipo mlangizi wodziwa ntchito amawafotokoza tsiku loyamba lomwe. Mwana akamaganiza zodzipha, akafuna kuvulaza wina, kapena akamachitidwa nkhanza monga kugwiriridwa, mlangizi sakhala chete. Amadziwitsa makolo, kupatula ngati wankhanzayo ali m'nyumba momwemo, komanso ofesi ya Social Welfare kapena apolisi a Victim Support Unit. Kumbukirani kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa malamulo. Inuyo mutha kufunsa kuti akumana kangati, cholinga chake n'chiyani, nanga kunyumba muthandize bwanji. Izi ayenera kukuyankhani.

Za sukulu ya ntchitoyi: psychology, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, amaphunzitsa ku University of Malawi ku Zomba, ndipo za uphungu ndi matenda a maganizo ziliko ku Saint John of God College of Health Sciences ku Mzuzu. Digiri yoyamba payokha simusandutsa munthu clinical psychologist, katswiri wothandiza anthu a mavuto a maganizo. Pamafunika digiri yachiwiri ndi kugwira ntchito moyang'aniridwa. Kulemba mankhwala si ntchito yake, n'kwa achipatala.

Povuta penipeni pa ntchitoyi mpoti kuno ku Thyolo ndi Mulanje timadziwana tonse. Munthu amene analira muofesi Lachiwiri mukumana naye pamsika pa Chitakale, kumaliro, kukwaya. Mlangizi sayamba ndiye kupereka moni wosonyeza kuti akudziwana, amadikira mwiniwakeyo. Wachibale, mlamu kapena mnzake wapamtima samulangiza yekha, amamutumiza kwa wina, chifukwa m'bale sangaulule zonse ndipo mlangiziyo sangaone nkhani mosakondera. Chibwenzi ndi munthu amene akumuthandiza n'choletsedwa, ngakhale winayo avomere. Kumubwereka ndalama kapena kumupatsa ganyu kumunda, ambiri amakuona ngati chifundo, koma kumamanga munthu pakamwa: angatsutse bwanji amene akumudyetsa?

Mafayilo akhale m'kabati yokhoma. Nkhani ya munthu isapite pa gulu la WhatsApp ngakhale dzina litabisidwa, poti kumudzi kungotchula kuti "mphunzitsi wamasiye wa kufupi ndi fakitale ya tiyi" aliyense wamudziwa kale.