Musanakongole za chiliza cha bambo, kope la m'golosale lili kuti?

Funso: Bambo anga anamwalira chaka chatha kwathu ku Ntchisi. Anayamba ndi njinga yakapalasa kugulitsa usipa m'misika, kenako anatsegula golosale, pomaliza anagula chigayo. Anatiphunzitsa tonse asanu komanso ana awiri a mlongo wawo. Abale agwirizana kuti timange chiliza chabwino ndi kuchita mwambo waukulu wowakumbukira, zonse zikufunika K2 miliyoni. Golosale akuyendetsa mng'ono wanga koma ndalama sizikuoneka. Wakatapila akuti andibwereka pa 30 peresenti pamwezi. Nditenge kapena ndipite ku banki mkhonde?

Yankho: Pepani kwambiri achimwene ndi imfa ya bambo. Anthu ngati malemuwa amapezeka pa malo a malonda aliwonse kumudzi, amadzuka kusanache kukaoda katundu, nsima amadyera pakauntala, madzulo n'kukawerengera mayi a kunyumba ndalama ya ndiwo, fizi ikakwana amagulitsa mbuzi osadandaula. Munthu amene anachoka pa usipa wa panjinga mpaka kufika pa chigayo, n'kudutsa nayo golosale mu Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti katundu wooda n'kukwera tsiku limodzi, ameneyo ndi wofunika kumukumbukira ndithu ndipo sindikuletsani chiliza ayi.

Koma katapilayo musatenge. 30 peresenti ya K2 miliyoni ndi K600,000 mwezi uliwonse, chiwongola dzanja chokha, ngongole yeniyeni isanakhudzidwe. Miyezi inayi mwapereka K2.4 miliyoni ndipo mukadali ndi ngongole ya 2 miliyoni ija. Chikole adzafuna chani? Chigayo basi. Banki mkhonde ndiyabwinoko koma nayonso imafuna mubweze msanga, pomwe chiliza sichibweretsa ndalama.

Tsono chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi mawu mwangowadutsa aja, akuti ndalama sizikuoneka. Funso lanu likanakhala limenelo. Makalata ngati anuwa ndalandira ambirimbiri ndipo nkhani imakhala imodzimodzi: bambo ankasunga zonse m'mutu. Ankadziwa kuti aphunzitsi a pasukulu paja atenga shuga ndi sopo wa ndalama zingati olipira mwezi ukatha, ankadziwa amene anagayitsa matumba atatu pangongole, amene anabwereka feteleza kuti adzabweze chimanga akakolola, mayunitsi a ESCOM amatha masiku angati. Tsiku lomwe anaikidwa m'manda zonsezo zinapita nawo. Okongola aja ali chete, ndipo sadzabwera okha kudzakukumbutsani. Mng'ono wanu mwina sakuba n'komwe, kungoti aliyense wolowa m'golosalemo ndi wachibale, azakhali atenga mafuta ophikira, amalume atenga malata awiri akuti tidzaonana, mwana watumidwa mchere, palibe akulemba, ndiye mpamba ukudyedwa pang'onopang'ono ngati chimanga cholowa anankafumbwe, thumba likuoneka lodzaza koma m'kati ndi gaga yekhayekha.

Ndiye Loweruka likubwerali pitani kumudzi ndi makope awiri. Tsekani golosale tsiku limodzi, muwerenge katundu yense mmodzimmodzi pamtengo woodera, mayi ali pompo. Kope linalo ndi la chigayo: ndowa zingati zagayidwa patsiku, magetsi angati, woyendetsa chigayo walipidwa zingati. Kuyambira pamenepo chilichonse chotuluka chilembedwe, ngakhale machesi otengera kunyumba kwa mayi. Wachibale wofuna katundu alembedwe dzina ndi tsiku akuona. Ena akwiya, asiyeni akwiye. Mukatero mukhale pansi ndi mayi, iwo amakumbukira okongola ambiri kuposa mmene mukuganizira, mulembe maina n'kuyamba kuyendera mmodzimmodzi mwaulemu.

Chinanso, kodi ndalama za ku banki, za pa Airtel Money kapena Mpamba za malemu munazitsata? Tengani kalata ya imfa mupite ku ofesi ya DC kapena kwa Administrator General, amene amayang'anira chuma cha masiye m'boma, akuuzeni ndondomeko yake. Ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi wa malemu, ana ndi amene ankadalira malemuwo, kulanda chuma chotere ndi mlandu. Ndikunena izi chifukwa abale amene agwirizana za mwambo wa 2 miliyoniwo sindinamve kuti asonkha zingati. Aitaneni, aliyense anene yake, wina chimanga, wina mbuzi, wina thumba la simenti. Amene alibe chosonkha asakhale ndi mawu pa kukula kwa mwambo.

Chiliza mungamange chaka chamawa mukakolola, ndi ndalama yochokera m'chigayo chawo chomwecho. Mukamapatula K5,000 yokha patsiku, masiku 26 pamwezi, ndi K130,000, miyezi khumi muli ndi K1.3 miliyoni opanda kugwadira munthu. Ana awiri a azakhali anu aja ngati akadali pasukulu, fizi yawo iyambe kutuluka chiliza chisanamangidwe, bambo anu akanachita choncho.

Pakatha mwezi mundilemberenso, mundiuze katundu mwapeza ndi wa ndalama zingati komanso chigayo chikulowetsa zingati patsiku mutachotsa magetsi, tidzawerengere limodzi.