Mkuwa sunathawe, mwauthamangitsa ndi asidi

Wophunzira wina wandilembera kuti wasakaniza mkuwa ndi GHK, peptide (kachidutswa ka puloteni) ya ma amino acid atatu, koma pa mass spectrometer, makina oyezera kulemera kwa mamolekyu, akungoona 341, kulemera kwa peptide yopanda mkuwa. Akufunsa ngati mkuwawo wakana kugwira.

Funsoli landikwiyitsa, koma osati inu achimwene amene mwafunsa. Pamene ndinkachita kafukufuku wanga, makina anali amodzi gulu lonse, ndipo woyang'anira labu ankaumirira kuti chilichonse chilowe ndi formic acid, poti ndi mmene anazolowera ndi mapuloteni ake. Ukati ufotokoze, ankangokuyang'ana ngati mwana wadzulo. Chonsecho histidine, amino acid yomwe imagwira mkuwa mu GHK, pKa yake ili pafupi ndi 6, kutanthauza kuti pH (muyeso wa asidi) ikatsika pansi pa 6 imatenga proton yochokera ku asidi. Mukathira asidi, proton imalanda malo a mkuwa. Ife tinkadikira anthu aweruke, n'kutsuka mapaipi onse, kenako n'kuyeza zathu usiku, njala ili m'mimba, mawa lake n'kumva kuti tawononga makina.

GHK yomweyi, Loren Pickart anaipeza m'magazi a munthu mu 1973, ndipo lero amaigulitsa m'mafuta odzola kumaso pa mtengo wodula. Izo ndi zina.

Chimene sindigonja nacho ndi ichi: electrospray, njira yopopera madzi oyezedwa mu mass spectrometer ngati timadontho, imene John Fenn analandirira Nobel mu 2002, imakuuzani kulemera kwa chinthu, osati mphamvu ya kagwiridwe. Kadontho kakamauma, zonse zili mkatimo zimathinana, pH imasintha, ndipo mkuwa umatha kumamatira pomwe sukanagwira mu botolo. Cu(II), mkuwa wa chaji 2, imathanso kusanduka Cu(I), wa chaji 1, pomwepo pa singano yopopera. Gulu la Wojciech Bal ku Warsaw linalemba poyera mu 2021 kuti njirayi siyoyenera poyeza kagwiridwe ka mkuwa ndi peptide. Ndiye munthu akandiwerengera Kd, nambala yosonyeza mphamvu ya kagwiridwe, pongoyang'ana kutalika kwa ma peak (nsonga za pa graph ya makinawa), ine ndimatseka pepalalo. Ndaona zotere pa amyloid beta, peptide yokhudzana ndi matenda a Alzheimer, yomwe ili ndi histidine pa malo 6, 13 ndi 14, anthu n'kumalengeza ngati apeza mankhwala a Alzheimer.

Nanga muchite chiyani?

Chotsani asidi, gwiritsani ammonium acetate pa pH pafupi ndi 7, phosphate ayi. Fufuzani 402.1 ya Cu(II), mukaona 403.1, ndiye Cu(I). Mkuwa weniweni umabwera ndi ma peak awiri otalikirana ndi 2, a 63Cu ndi 65Cu, pafupifupi 69 kwa 31. Za mphamvu ya kagwiridwe, kayezeni ndi njira zina zoyezera mu botolo momwemo, monga potentiometry kapena UV-vis.