Kumudzi kulibe ntchito, kodi ndinyamuke ndipite kutauni?

Sabata ino ndalandira imelo ya mnyamata wina yemwe anamaliza sekondale zaka zitatu zapitazo. Akuti: "M'boma mwathu mulibe fakitale ngakhale imodzi. Makalata ofunsira ntchito ndalemba osawerengeka, koma kuli zii. Chondidabwitsa n'chakuti malipoti amati kumidzi ulova ndi wochepa kusiyana ndi kutauni. Akunama kodi? Nanga ine ndingonyamuka?"

Achimwene, sakunama ayi, koma kawerengedwe kawo n'komwe kamabisa vuto lanu. Potsatira muyezo wa ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, munthu amene wagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi lokha m'sabata yomwe akufufuzayo amalembedwa kuti ali pantchito. Lova ndi yekhayo amene sanagwireko kalikonse, akufunafuna ntchito, ndipo itapezeka angayambe. Ndiye mukasenza matumba Lachiwiri m'mawa, masiku ena onsewo n'kumangowothera dzuwa pakhonde, m'mabuku mwawo ndinu wapantchito. Amene anatopa nako kufunafuna n'kungokhala, m'gulu la malova salowamo n'komwe. Kale ngakhale mlimi wolima chakudya cha banja lake chokha ankamuika m'gulu la apantchito, mpaka msonkhano wa akatswiri a ziwerengero za ntchito unasintha zimenezi mu 2013.

Chimene chimandipweteka mtima ine n'chakuti kumudzi anthu si aulesi. Nthawi yodzala ndi yokolola manja amachita kuperewera. Zokolola zikangolowa m'nyumba, miyezi imatha anyamata amphamvu zawo alibe chogwira.

Za kutauni sindikuletsani, koma imvani izi kaye. Mu 1970, akatswiri a zachuma John Harris ndi Michael Todaro anafotokoza chifukwa chake ulova sutha m'mizinda ngakhale ntchito zatsopano zizitsegulidwa: mbiri ya malipiro abwino imakoka anthu ambiri kuposa malo omwe alipo. Ngati kuli munthu wokusungani ndiponso ntchito yeniyeni yomwe mwalonjezedwa, pitani. Koma ngati mukungotsatira mphekesera, lendi ndi thiransipoti zidzadya kandalama kanu musanaonane ndi bwana aliyense.

Tsono ntchito zakumudzi zili kuti? Zambiri sizilengezedwa m'nyuzipepala, n'chifukwa chake makalata anu sakuyankhidwa. Lipoti la ILO la 2018 linapeza kuti mwa anthu 10 alionse ogwira ntchito padziko lapansi, oposa 6 ali m'ntchito zosalembetsedwa kuboma. Tsiku la msika dzukani m'mamawa, mukaime pomwe malole amapakira katundu, muone bwinobwino. Zokolola zikuchoka zosasankha, zosagaya, zosaika m'mapaketi, ndipo ndalama ya ntchito zonsezo akukadyera ena kutali. Onaninso zomwe anthu amayendera mtunda wautali: kukonzetsa foni, kuwotcheretsa chitsulo cha ngolo, kufuna wodziwa kulumikiza sola, kusaka katemera wa ziweto. Pampu ya mjigo ikawonongeka imatha miyezi ingati mmisiri asanabwere? Pamenepo pali ntchito ya munthu mmodzi, ndipo luso lake mutha kuliphunzira pokhala wothandizira mmisiri amene alipo kale, ngakhale poyamba malipiro akhale ochepa.

Musanyozenso ntchito zachitukuko zolipidwa ndi boma, monga kukonza misewu ndi kukumba madamu. Ku India, lamulo la 2005 linapatsa banja lililonse lakumudzi ufulu wa masiku 100 a ntchito yolipidwa pachaka. Sizilemeretsa munthu, koma zimamuwolotsa miyezi yovuta ija, ndipo wosamala amapezerapo zida zoyambira. Kafunseni ku ofesi ya boma lanu ngati zotere zilipo ndiponso kuti mayina amalemba liti.

Mundilemberenso pakatha masabata awiri, mundiuze zinthu zitatu zomwe anthu akwanu amakazifuna kutali, ndi mmisiri mmodzi amene mwalankhula naye. Tidzaonere limodzi poyambira.