Makina ochapira akamavina pofinya zovala, yambani mwayang'ana kumbuyo kwake

Amayi, mwati makina anu, a chitseko chakutsogolo aja, akafika pofinya zovala amagwedezeka mpaka kuchoka pamalo pake, ndipo mwangowagula mwezi watha ku Tete n'kubwera nawo ku Ulongwe. Za mtundu wina woti mugule ayankha ena. Ine ndikuti awa musawataye, ndiponso musaitane mmisiri musanaone chinthu chimodzi ichi.

Zulani pulagi, muwakokere kutsogolo, musuzumire kumbuyo kwake. Makina atsopano amabwera ndi mabawuti akuluakulu atatu kapena anayi, amene kuno timati maparafuzo, ogwira mgolo wa mkati kuti usamagundegunde paulendo. Amakhala ndi labala kapena pulasitiki kumutu, ndipo amaoneka ngati ndi mmene makinawo anapangidwira, choncho ambiri sawakhudza. Akakhala pomwepo, mgolo sulendewera pa masipuling'i ake, ndiye mphamvu yonse yozungulira ija imathera m'thupi la makina.

Ine zinandionekera. Tinagula a makilo 7, tsiku loyamba lomwelo anachoka pakona n'kukagunda chitseko cha bafa, paipi ya madzi n'kuzuka, madzi mpaka m'chipinda cha ana. Ndinaitana mmisiri wina amene anandilozera anzanga. Sanazungulire n'komwe kumbuyo. Anangomvetsera phokoso, n'kunena kuti mashoko, zitsulo zochepetsa kugwedezeka kwa mgolo, afa, ndimupatse ndalama akaitanitse ku Tete. Ndinatulutsa pafupifupi meticais 3,000, munthuyo osaonekanso masabata atatu, ine ndikuchapa pamanja makina ali chiimire. Anandipulumutsa ndi alamu anga oyendetsa lole ku Moatize. Atabwera kudzacheza anagwada, n'kuona mabawuti anayi onse ali m'malo mwake. Anatenga sipanala m'galimoto, osatha ndi mphindi khumi zomwe, makina n'kuyamba kufinya bwinobwino. Ndalama ija imandipwetekabe mpaka lero.

Mukawachotsa, tsekani maboowo ndi tizitsekero tapulasitiki timene timabwera m'thumba la kabuku, ndipo mabawutiwo muwasunge. Tsiku losamuka muwabwezeretse musanakweze makina pagalimoto. Mgolo ukamalendewera wokha pa mabampu a msewu wodzera ku Mussacama uja, mashoko amafadi, ndipo pamenepo ndalama muitulutsa ndithu.

Ngati mabawuti anachotsedwa kale, onani pansi. Gwirani makina pamwamba, mukankhe kona imodzi kenako ina yopingasana nayo. Akatenguka ngakhale pang'ono, mwendo umodzi sukugunda pansi. Miyendoyo imapotokola, ndipo uliwonse uli ndi nati yoti mumange mukamaliza, apo ayi umamasukanso. Ikani mbale ya madzi pamwamba, ikuuzani mbali imene yapendekeka. Chonde musawakhazike pa matabwa kapena pa njerwa zosanjikiza poopa madzi. Pa simenti yolimba basi. Ndaona wina wayankha kuti muikepo mwala wolemera pamwamba, winanso akuti mwana azikhalapo akamafinya. Zimenezo ayi, amayi. Mungoswa chivundikiro, vuto lili momwemo, mwana n'kuvulala.

Kenako ayeseni opanda kanthu. Sankhani pofinya pokha, mkati mulibe chovala. Akazungulira mwakachetechete, makina ali bwino, vuto ndi kalongedwe. Kuno ku Angónia kuzizira kwa June ndi July kumatipatsa mabulangeti olemera, ndipo bulangeti limodzi likamwa madzi limaunjikana mbali imodzi ya mgolo ngati thumba la chimanga. Muziwonjezerapo matawulo awiri kapena atatu kuti kulemera kugawikane, ndipo liwiro mulitsitse kuchoka pa 1,200 kufika pa 800 kapena 600. Kudzaza mpaka kukankha chitseko ndi bondo nakonso kumaononga. Pamwamba pa zovala pazitsala malo olowa dzanja.

Akagwedezekabe ali opanda kanthu, mabawuti mulibe, pansi pali bwino, ndiye kuti mkati muli vuto. Pulagi ili yozula, tsegulani chitseko, mukanikize mgolo pansi ndi manja awiri n'kuusiya. Ukabwerera kamodzi n'kuima, mashoko ali moyo. Ukamadumphadumpha atha, ndipo posintha musinthe onse, osati limodzi. Amisiri akuno amawatchula kuti amortecedor, mukamafunsa mtengo nenani dzina limenelo. Uzungulitseninso ndi dzanja. Ukamalira ngati mphero ya kutali, kapena ukamagwedera mukautukula m'mphepete, ndi marolamento, mabering'i amene mgolo umazungulirapo, ndipo ntchito yake ndi yodula kwambiri chifukwa amaphwasula makina onse. Palinso zimiyala za simenti zomangiriridwa ku mgolo, mabawuti ake akamasuka mumamva kugunda kwa gu gu gu.

Koma poti anu ndi a mwezi umodzi, musalole aliyense kuwatsegula m'kati. Garantiya imathera pomwepo. Jambulani kavidiyo akugwedezeka, mutenge risiti, mukambirane ndi kumene munagula. Ndipo mmisiri wofuna ndalama zonse asanakuonetseni chimene chafa, mubwezeni pakhomo pomwepo.

China, muzipisa m'matumba a mathalauza musanachape. M'sefa ya pansi kutsogolo ija ndinatulutsamo makobiri a meticais 10 awiri ndi msomali. Sefa ikatsekeka madzi satuluka onse, zovala zimakhalabe zolemera, makina n'kumavutika kuyamba kufinya. Muziitsegula kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, mutatchera beseni pansi pake chifukwa madzi amatuluka ambiri.