Sutikesi yotchipa yokwerera ndege: yang'anani matayala, kunyezimira kusakupusitseni

Achemwali ena andilembera imelo. Akukwera ndege koyamba, ndalama zambiri zathera pa tikiti, ndipo aona masutikesi atatu ogulitsidwa pamodzi, yaikulu, yapakati ndi yaing'ono, pamtengo wa imodzi. Akufunsa ngati agule amenewo kapena akongole ndalama n'kugula ya dzina lotchuka, poti akuopa kukachita manyazi pabwalo la ndege.

Achemwali, mawu akuti manyaziwo ndi amene andikhudza. Musakongole. Pabwalo la ndege palibe amene ali ndi nthawi yowerenga dzina la sutikesi yanu. Wapakauntala maso ake amakhala pa nambala ya pasikelo, ndipo onyamula katundu amaponya sutikesi iliyonse chimodzimodzi, kaya inagulidwa ndalama zingati. Koma atatu ajanso musawagule. Zimandipweteka kuona anthu a ndalama zochepa akugulitsidwa zinthu zimene wopanga akudziwiratu kuti sizibwerako ku ulendo wachiwiri.

Mukangoipereka pakauntala, sutikesi imayamba ulendo wakewake. Imayenda pa malamba, kugwa kuchoka pa lamba wina kupita pa wina, kukankhidwa ndi makina opatula katundu, kupanikizidwa pansi pa zinzake m'ngolo, mwinanso kudikira panja mvula ikugwa. Pa zonsezi, chimene chimayamba kuwonongeka kawirikawiri si thupi lake. Ndi matayala, chokokera ndi zipi. Opanga masutikesi otchipa amadziwa kuti wogula amakopeka ndi utoto, ndiye amaumira ndalama pa zitatu zimenezi, pomwe diso silifika msanga.

Tiyambe ndi matayala, chifukwa mlandu waukulu uli pamenepa. Sutikesi yamatayala si yakale kwenikweni. Bernard Sadow wa ku America anapatsidwa chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1972, ndipo yake inkakokedwa ndi kalamba ili chogona. Yoimirira, ya matayala awiri ndi chokokera chotuluka n'kulowa, anaikonza mu 1987 Robert Plath, woyendetsa ndege ku Northwest Airlines, munthu amene ankakhalira kukoka katundu m'mabwalo a ndege. Ine ndimaonabe kuti wa ndalama zochepa atsate nzeru ya Plath. Matayala awiri amakhala aakulu, olowa m'kati mwa thupi la sutikesi, choncho ikagwa samenyeka kwambiri, ndipo amapirira msewu wokumbikakumbika ndi masitepe. Matayala anayi ozungulira mbali zonse ndi okoma pa simenti yosalala, koma amatulukira kunja kwathunthu, lililonse lili pa kachitsulo kamodzi. Sutikesi ya makilogalamu 23 ikagwera pa ngodya, kulemera konseko kumathera pa tayala limodzi. Pa thupi lofooka, tayala limazuka pamodzi ndi chibenthu cha pulasitiki, ndipo pamenepo ndiye kuti yatha.

Ngati mtima wanu uli pa anayi, sankhani yokhala ndi timatayala tiwiritiwiri pa ngodya iliyonse, tokutidwa ndi labala. Ikokeni m'sitolomo. Yochita phokoso lakuti gwedegwede ili ndi matayala a pulasitiki youma. Kenaka itsegulani, mupeze kazipi kobisika pa nsalu ya m'kati, musuzumire. Mukaona kuti matayala anamangidwa ndi masikuluwu, ndi bwino, chifukwa likawonongeka mungamasule n'kuikapo lina. Mukaona timisomali tokhomereratu tosamasuka, kukonza kwake kumafuna kuboola. Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kazipi kameneka kalipo.

Chokokera chitulutseni chonse, muchigwedeze. Kusewera pang'ono n'kwabwinobwino, koma chikamapendama ngati bango chisiyeni. Chikhale cha mipope iwiri, ndipo chizigwira ndithu pamene mwachiimitsa. Ndipo chonde, musamanyamulire sutikesi pa chokokera pokwera masitepe. Ntchito imeneyo ndi ya zogwirira, chapamwamba ndi chapambali. Yopanda chogwirira chapambali onyamula katundu amaigwira paliponse pamene apeza.

Zipi ikhale ya mano akuluakulu. Pa kachitsulo kotsegulira nthawi zina pamakhala nambala, ndipo 8 kapena 10 ndiye zoyenera sutikesi yaikulu. Mukaona palembedwa YKK, dzina la kampani yotchuka yopanga mazipi, ndiye kuti wopanga sutikesiyo sanaumire. Yendetsani zipiyo kangapo, makamaka pokhota pa ngodya, chifukwa ndi pamene imayambira kudumpha mano. Pano ndinenenso za loko, poti ogulitsa amamutama kwambiri. Loko wokhala ndi kachizindikiro kofiira ka Travel Sentry ndi amene achitetezo a TSA ku America angatsegule ndi kiyi wawo osamuthyola. Phindu lake ndi lomwelo. Sateteza kwa mbala, chifukwa zipi wamba imang'ambuka ndi nsonga ya bolopeni loko ali chitsekere, ndipo munthu angaitsekenso osasiya chizindikiro. Choncho ndalama, mankhwala, mapepala ofunika ndi laputopu zizikhala m'chikwama cholowa nacho m'ndege.

Tsopano thupi. Masutikesi olimba otchipa ambiri ndi a ABS, mtundu wa pulasitiki umene umang'aluka ukamenyedwa, makamaka kukazizira. Pulasitiki ina, ya polycarbonate, imapindika n'kubwerera, koma ndi yodula. Yachitatu, ya polypropylene, ndi yopepuka, yopirira, ndipo mtengo wake umakhala wapakati. Chenjerani ndi zolembedwa kuti ABS+PC, chifukwa nthawi zambiri ndi ABS yomweyo yokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka polycarbonate. Dinikizani pakati ndi chikhatho. Yabwino imalowa n'kubwerera mwakachetechete, yofooka imalira kuti phwa. Ndipo ndinene mosabisa, ngati ndalama zikungokwanira ABS, gulani yansalu. Nsalu sing'aluka ikagwa, ikang'ambika imasokeka, ndipo ili ndi matumba akunja. Pa chikalata chake pamalembedwa nambala yothera ndi D, yosonyeza kukhuthala kwa ulusi. Musatsike pansi pa 600D. Vuto lake ndi mvula basi, ndipo limatha mukaika zovala m'thumba lalikulu la pulasitiki musanazilonge.

Nanga atatu aja alakwa chiyani? Choyamba, mtengo wa imodzi wagawidwa patatu, ndiye ganizani nokha matayala ake. Chachiwiri ndi kukula. Makampani ambiri a ndege amalola katundu wapansi, uja mumapereka pakauntala, wosapitirira makilogalamu 23 pa tikiti wamba, komanso masentimita 158 mukaphatikiza kutalika, mulifupi ndi kukhuthala, matayala ndi zogwirira zili momwemo. Sutikesi ya mainchesi 28 imakhala pamalire penipeni, ndipo ya 30 kapena 32 nthawi zambiri yadutsa kale. Opanga ena amalemba muyeso wopanda matayala, choncho pitani ndi tepi yanu. Kuwonjezera apo, sutikesi yaikulu imakunyengererani kuti muidzaze, ndipo ikadzaza imapitirira 23 mosavuta. Ikadutsa 32, ambiri salandira n'komwe, amakuuzani kuti mugawe pomwepo anthu akuona. Ngati mukuopa manyazi, achemwali, opani amenewo. Zipi yokulitsira ija nayonso imawonjezera masentimita angapo pa muyeso.

Iyezeni ili yopanda kanthu. Yaikulu yolemera makilogalamu 5 kapena 6 yakudyerani kale gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu wanu. Pa yolowa nayo m'ndege nkhani ndi yothina kwambiri, chifukwa makampani ambiri amalola makilogalamu 7 okha, pa muyeso wa pafupifupi masentimita 55 ndi 40 ndi 20. Ikalemera yokha 3 ndi theka, mwatsala ndi theka. Manambala amenewa amasiyana kampani ndi kampani, ndiye werengani pa tikiti yanu musanapite kukagula.

Za pobayira USB, poika kapu, ndi zina zotere, musalipirirepo kalikonse. Batire la lithium losachoka limachititsa kuti sutikesi ikanidwe, ndipo power bank saloledwa kupita ndi katundu wapansi.

Ndiye mugule iti?

Imodzi yokha, ya mainchesi 24 mpaka 26, yansalu ya matayala awiri kapena ya polypropylene, yosapitirira makilogalamu 4 ili yopanda kanthu, matayala omanga ndi masikuluwu. Zolowa nazo m'ndege ikani m'chikwama chakumsana chimene muli nacho kale. Ndalama yotsalayo mugule lamba womanga mozungulira sutikesi, kuti zipi ikaphulika zovala zisamwazike, ndi kasikelo kam'manja.

Musanaipereke, chotsani timapepala ta maulendo akale ngati ili nato, ikani dzina ndi nambala ya foni m'kati ndi kunja komwe, ndipo muijambule ndi foni. Kachiphaso ka katundu kamene amakumatirani pa tikiti musakataye. Ikatuluka pa lamba itasweka, musatuluke m'chipindacho. Pitani pa desiki ya katundu akulembereni fomu ya katundu wowonongeka kapena wosowa yotchedwa PIR. Pa maulendo a pakati pa mayiko amene ali mu Pangano la Montreal la 1999 la malamulo a maulendo apandege, muli ndi masiku 7 olemba dandaulo la katundu wowonongeka, ndi masiku 21 ngati anafika mochedwa, kuwerengera tsiku limene mwamulandira. Zokandikakandika ndi timikwingwirima a kampani ya ndege salipira, ndiye jambulani bwinobwino pamene pang'aluka kapena tayala lazuka, ndipo sungani lisiti yogulira, chifukwa adzaifunsa.