Apolisi Anandiimitsa pa Njira ya Snowmobile Ndisanalakwe: Kodi Lamulo Limawalola?

FUNSO: Ndimakhala m'chigawo cha Ontario ku Canada, ndipo m'nyengo yachisanu ino anzanga a kuntchito andiphunzitsa kuyendetsa snowmobile, njinga yamoto ija yokhala ndi zotsetserekera kutsogolo ndi lamba wa mano kumbuyo, imene imayenda pamwamba pa chipale chofewa. Tsiku lina tili m'kati mwa nkhalango, tinapeza apolisi awiri ataima pamphambano. Anatiimitsa, anaitanitsa mapepala, kenako anandiuza kuti ndiuzire mpweya m'kachipangizo koyezera mowa, chonsecho sindinamwe kanthu ndipo sindinkathamanga. Zinandipweteka mumtima chifukwa ndinaona ngati andiyesa wolakwa. Kodi ali ndi mphamvu zotere ngakhale kutchire kumene kulibe msewu? Nanga ndikanakana, chikanachitika n'chiyani?

Wowerenga wathu wa ku Ontario

YANKHO: Zikomo polemba, ndipo tikumvetsa mmene munamvera. Komabe tikuuzeni mosapita m'mbali kuti apolisiwo anachita zimene lamulo limawalola, ndipo inunso munachita bwino kwambiri kumvera. Ku Ontario kuli lamulo lotchedwa Motorized Snow Vehicles Act, limene limalamula woyendetsa snowmobile kuima wapolisi akamubayitsa, ndiponso kuonetsa laisensi, chikalata cha kalembera wa snowmobile yake ndi umboni wa inshuwalansi. Wapolisi sayenera kuyamba wakuonani mukulakwa kuti akufunseni zimenezi. Kunja kwa mizinda ikuluikulu, ntchito yolondera njirazi imagwiridwa makamaka ndi apolisi a Ontario Provincial Police, amene ali ndi magulu ophunzitsidwa kuyenda pa chipale, m'tchire ndi pamadzi.

Nkhani ya mowa ndiyo yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwa m'mavuto aakulu. Malamulo a milandu ikuluikulu a dziko la Canada amaona snowmobile ngati galimoto ina iliyonse, kaya ili pamsewu, m'nkhalango kapena pamwamba pa nyanja youndana. Kuyambira mu Disembala 2018, wapolisi amene waimitsa woyendetsa mwalamulo, ndipo ali ndi kachipangizo kovomerezeka pomwepo, angathe kumuuza kuti auzire mpweya ngakhale asakumukayikira kuti wamwa. Mlingo umene umasanduka mlandu waukulu ndi mamiligalamu 80 a mowa m'mamililita 100 a magazi, koma ku Ontario ngakhale wopezeka ndi mamiligalamu 50 amayamba walandidwa laisensi kwa masiku angapo. Mukanakana kuuzira, kukanako kukanakhala mlandu pakokha, wa chindapusa chosachepera madola 2,000 a ku Canada kwa wolakwa koyamba, ndipo laisensi yanu ikanaimitsidwa nthawi yomweyo kwa masiku 90. Laisensi imeneyi ndi yomweyo imene mumayendetsera galimoto popita kuntchito, choncho cholakwa chochitika kutchire Loweruka chimakutsatirani mpaka pamsewu Lolemba.

Mwina mungafunse kuti n'chifukwa chiyani boma limatumiza apolisi kukazizidwa kumalo kopanda anthu. Njirazi sizinangodziyala zokha. Bungwe la Ontario Federation of Snowmobile Clubs, kudzera m'makalabu a anthu ongodzipereka, limasamalira njira zotalika pafupifupi makilomita 30,000, ndipo ndalama zogulira mafuta a makina osalaza chipale, zikwangwani ndi milatho zimachokera kwenikweni ku chilolezo chimene woyendetsa aliyense amagula n'kumata pa snowmobile yake. Woyenda wopanda chilolezo amadyera thukuta la anzake, n'chifukwa chake wapolisi amayamba kuyang'ana chizindikirocho asanakulankhuleni n'komwe. Komanso mbali yaikulu ya njirazi imadutsa m'minda ndi m'nkhalango za eni ake, amene anangolola mwa kufuna kwawo. Munthu mmodzi akapatuka n'kupondaponda tirigu wofesedwa chisanu chisanayambe, amene wagona pansi pa chipale, kapena akasintha paipi ya utsi kuti izilira kwambiri n'kumadutsa pafupi ndi makola usiku, mwini malo angathe kutseka chipata, ndipo njira yonse imaduka pakati. Ife tikuona kuti apolisi amene munakumana nawowo amateteza ubale wosakhwima umenewu, umene popanda iwo masewerawa sakanakhalapo.

Palinso za moyo. Liwiro lololedwa pa njira za ku Ontario ndi makilomita 50 pa ola, pamene m'chigawo choyandikana cha Quebec, kwawo kwa Joseph-Armand Bombardier amene anatulutsa snowmobile yotchedwa Ski-Doo mu 1959, ndi makilomita 70. Makina a masiku ano amatha kupitirira liwiro limeneli kutali kwambiri, ndipo pa ngozi zakupha kawirikawiri pamapezeka liwiro, mowa, mdima kapena madzi oundana osalimba. Bungwe la Canadian Red Cross limalangiza kuti madzi oundana akhale ochindikala masentimita 25 asanakwerepo snowmobile. Apolisi omwe amakufunsani mapepala masana ndi omwenso amaitanidwa usiku wina akamira.

Mukadzakumana nawonso, kwezani dzanja lamanzere mowongoka kuti amene ali kumbuyo kwanu adziwe kuti mukuima, chepetsani liwiro pang'onopang'ono, pitani chakumanja kwa njira ndipo muzimitse injini. Kwezani galasi la chipewa chodzitetezera kuti nkhope yanu ioneke, popeza wapolisiyo akulankhula ndi munthu wophimbika thupi lonse, ali kutali ndi thandizo. Mapepala muziwasunga m'kathumba kosalowa madzi, m'thumba la jekete losavuta kufikira, chifukwa kuvula magolovesi n'kuyamba kufufuza m'chikwama kukuzizira madigiri 20 kunsi kwa ziro kumaumitsa zala ndi kufupikitsa mtima wa aliyense. Musanapise dzanja m'thumba, nenani chimene mukufuna kutenga. Musayerekeze kupereka ndalama kwa wapolisi, pakuti umenewo ndi mlandu wa ziphuphu.

Ngati akulemberani tikiti imene simukugwirizana nayo, ilandireni mwaulemu, popeza kuilandira sikutanthauza kuti mwavomera kulakwa. Muli ndi masiku 15 oti musankhe kulipira kapena kupempha kuti nkhaniyo ikamvedwe kukhoti, ndipo njira zake zalembedwa kuseri kwa tikitiyo. Ngati wapolisi wakunyozani kapena wakusalani, lembani tsiku, nthawi, malo ndi nambala yake mukangofika kunyumba, n'kukapereka dandaulo ku Law Enforcement Complaints Agency, ofesi yoima payokha imene kuyambira mu 2024 imalandira madandaulo a anthu okhudza khalidwe la apolisi m'chigawo cha Ontario.